Mbiri ya Columba, Mtumiki wa Mulungu wa pa Cisumbu ca Iona

Kumadzulo kwa dziko la Scotland, m'nyanja yaikuru ya madzi amcere, muli cisumbu cacing'ono dzina lace Iona. M'litali mwace muli mailosi 3, ndi m'mimba mwace mailo imodzi ndi theka. Mitengo njowerengeka, miyala njocuruka, ndipo mphepo ya kunyanja siileka kuomba. Eni ace a cisumbuco safika 200, ndiwo oweta nkhosa ndi ng'ombe, ndi ena ocereza alendo. Koma ikafika miyezi ya June, July ndi August, imene kuno kwathu tiotha moto cifukwa ca cisanu, kumeneko kufunda, ndipo alendo zikwi zambiri a mitundu yonse aolokerako. Akwera sitima ya pamadzi pa Oban, natsika pa cisumbu cacikuru ca Mull, nacidutsa pamtunda, naolokanso madzi a mailo imodzi kufikira Iona. Ambiri a iwo atsata dzina la munthu mmodzi, ndiye Columba, amene anamwalira pamenepo pa 9 June, caka ca 597. Tayesa ncabwino kukusimbirani mbiri yace, abale athu a m'midzi, pakuti inunso muli nalo gawo m'mbiriyi, monga mudzaona potsiriza.

Zambiri zimene tidziwa za iye anazilemba Adomnán, mkuru wacisanu ndi cinai wa abale a pa Iona, zitapita zaka ngati 100 cimwalirire Columba; iye anafunsa nkhalamba zimene zinamva kwa anthu oona ndi maso. Zina anazilemba anthu a m'mbuyo ndithu, ndipo pofika pa zotere tidzakuuzani kuti nzosimba za pambuyo.

Kubadwa ndi kuphunzira kwace

Columba anabadwa ngati caka ca 521 pa Gartan, kumpoto kwa dziko la Ireland. Atate wace ndiye Fedlimid, ndi amace Eithne. Anali wa pfuko la Uí Néill, limene linaturutsa mafumu akuru a dzikolo, kotero kuti akadafuna akadalimbira ufumu monga anacita abale ace. Masiku amenewo Uthenga Wabwino unali utamveka kale m'Ireland ndi kulalikira kwa Patrick ndi anzace, koma makhalidwe akale anali cikhalire: mafumu ang'onoang'ono anali ambiri, kulandana ng'ombe sikunatha, ndipo mwazi unabwezedwa ndi mwazi. Mwanayo anampereka kwa wansembe dzina lace Cruithnechán kuti amlere. Dzina lakuti Columba m'Cilatini litanthauza nkhunda, ndipo anthu a kwao anamucha Colum Cille, ndiko kunena nkhunda ya nyumba ya Mulungu.

Anaphunzira Malembo kwa mphunzitsi wochuka dzina lace Finnian, naphunziranso kwa nkhalamba ina, Gemmán. Tsiku lina, nkhalambayo irikuwerenga panja, kunadza kamtsikana kothawa munthu wankhanza. Gemmán anaitana Columba, ndipo onse awiri anakapfunda ndi zobvala zao kuti akachinjirize. Koma munthu uja sanawaopa, nakalasa ndi mkondo, nikafa pa mapazi ao. Adomnán asimba kuti Columba ananena ciweruzo ca Mulungu pa wakuphayo, ndipo anagwa nafa pomwepo. Muisunge nkhaniyi, pakuti tidzaikumbukanso.

Atakula anadzipereka ku moyo wa abale odzipatula, amene ena awacha amonke, ndiwo amuna osakwatira okhala mudzi umodzi pansi pa mkuru mmodzi, ogawa tsiku lao patatu: kupemphera, kugwira nchito, ndi kuwerenga. Midzi yotere yochuka ndi dzina lace m'Ireland ndiyo Derry ndi Durrow.

Nkhondo ya pa Cúl Dreimne

Nkhunda imeneyi inali nao mtima wapacala, ndipo mwazi wa mafumu sunazizira msanga mwa iye. Caka ca 561 abale ace a kumpoto anathira nkhondo mfumu yaikuru Diarmait pa malo ochedwa Cúl Dreimne, naigonjetsa, nafa anthu ambiri. Ndipo mabuku akale owerenga zaka anena kuti anapambana ndi mapemphero a Columba. Zifukwa zace asimba ziwiri. Coyamba ncakuti mwana wa mfumu ya ku Connacht, dzina lace Curnán, atapha munthu anathawira kwa Columba, koma Diarmait anamkwatula m'manja mwace namupha. Caciwiri ncosimba ca pambuyo. Ati Columba anatenga buku la Masalmo la Finnian, nalilemba lonse mobisika usiku kuti akhale nalo lace, pakuti masiku amenewo kunalibe makina osindikiza, ndipo buku limodzi linali cuma cacikuru. Finnian pakumva anati buku latsopanolo nlace. Mlandu unapita kwa mfumu, ndipo mfumu inagamula kuti monga mwana wa ng'ombe atsata mwini ng'ombe, momwemonso mwana wa buku atsata mwini buku. Columba anapsa mtima, nanka kwa abale ace kukawautsa.

Taonani, abale, kumene mlandu waung'ono ufika munthu akaunyamula ndi mkwiyo napita nao ku pfuko lace. Si momwemo kodi m'midzi mwathu, pamene mlandu wa mbuzi kapena wa malire a munda ugawanitsa mudzi, ngakhale Mpingo womwe? Amene anafa pa Cúl Dreimne sanawerenga buku lija, ndipo akazi ao amasiye sanapindula nalo kanthu.

Akuru a Mpingo anasonkhana pa Teltown, namcotsa Columba m'Mpingo. Koma Brendan wa ku Birr anamuimira, ndipo ciweruzoco cinabwezedwa. Zosimba za pambuyo ziti mlangizi wace Molaise anamlamula acoke m'Ireland, akakokere kwa Kristu miyoyo yolingana ndi ija inatayika kunkhondo. Adomnán angoti anafuna kukhala mlendo cifukwa ca Kristu. Onse abvomerezana pa ici, kuti caka ca 563, ali m'caka ca 42 ca moyo wace, anacoka kwao pamodzi ndi anzace 12. Kucoka kotere kunali kowawa koposa m'mene tiyesera ife, pakuti m'malamulo a Ireland munthu anachinjirizidwa ndi pfuko lace, ndipo woturuka m'dziko la kwao anali ngati munthu wopanda nkhoswe pabwalo la milandu.

Moyo wa pa Iona

Asimba kuti anaoloka nyanja m'ngalawa ya mtundu wa kwao, yoluka ndi nthambi ngati dengu lalikuru, yokuta ndi zikopa za ng'ombe. Dooko la kumwera kwa cisumbu, pamene anakoceza, lichedwa ndi dzina lace kufikira lero. Ndipo palinso citunda cokhala ndi mulu wa miyala, pamene ati anakwera kukapenya kumwera, ndipo poona kuti Ireland saoneka anatsimikiza mtima kukhala pomwepo. Anampatsa cisumbuco ndiye Conall, mfumu ya Dál Riata. Anthu a mfumuyi anali a cinenero cimodzi ndi Columba, cimene lero cichedwa Gaelic. Aroma anawacha Scoti, ndipo dzina la Scotland linacokera kwa iwo.

Nyumba zao zoyamba mukadaziona simukadazizwa, pakuti zinafanana ndi zathu: mitengo, nthambi zoluka, ndi udzu pamwamba. Anamanga nyumba yopemphereramo, tinyumba togona, nyumba ya alendo, ndi nkhokwe, nazinga mudzi ndi linga la dothi, limene mbali yace ioneka ndi lero lomwe. Analima barele kumadzulo kwa cisumbu, naweta ng'ombe, nakama mkaka. Anasala cakudya masiku oikika, koma akafika mlendo anamsambitsa mapazi, namasula kusala kwao kuti adye naye. Mlendo wofuna kuoloka anaima tsidya la Mull napfuula, ndipo abale anapalasa bwato kukamtenga.

Columba mwini anagona pathanthwe, natsamira mwala. Nchito yace yokonda inali kulemba mabuku pa zikopa za ana a ng'ombe, ndi nthenga, ndi inki yosungira m'nyanga. Tsiku lina anamva munthu alikupfuula tsidya, nauza Diarmait, mnyamata womtumikira, kuti mlendoyo adzataya inki. Diarmait anaima pakhomo kulonda. Koma atangocokapo pang'ono mlendo analowa, ndipo pothamangira kumpsompsona mkuruyo anakola nyanga ndi cobvala cace, inki nitayika. Kanyumba kace kolembera kanali pa citunda cacing'ono. Caka ca 1957 anthu ofukula zakale anapeza pamenepo makala a kanyumba ka mitengo, ndipo caka ca 2017 anzeru atawayesa anapeza kuti mitengoyo inadulidwa pakati pa zaka za 540 ndi 650, ndiyo nyengo ya Columba.

Pano tiyamba kuona munthu wosandulika. Abale ace anadula nthambi zomangira nyumba ya alendo m'munda wa munthu wamba dzina lace Findchán, ndipo iyeyo anadandaula. Columba sananena kuti nchito ya Mulungu iyenera kutenga kwaulere. Anamtumizira miyeso 6 ya barele, ndipo ngakhale nyengo yofesa inali itapita, munthuyo anafesa nakolola. Mbala ina dzina lace Erc inabisala usana pansi pa bwato lace, usiku niba nyama za m'nyanja zimene abale anazisunga pa kacisumbu kena. Columba anatuma abale awiri kukamtenga, namdzudzula, namuuza kuti akasowa azidza kudzapempha; ndipo anamphera nkhosa kuti asabwerere wopanda kanthu. Tsiku lina anatuma mbale kugombe la kumadzulo kukadikira mbalame ya miyendo yaitali, yonga kakowa, imene mphepo inaikankha kucokera ku Ireland. Mbaleyo anaitola yolefuka, naidyetsa masiku 3, kufikira inauluka kubwerera kwao. Ticita cidwi kuti munthu amene anautsa pfuko lonse cifukwa ca mlandu wace, tsopano alipira munthu wosauka nthambi zace, nasamalira mbalame ya kwao.

Kwa anthu akunja a kumpoto

Kumpoto ndi kum'mawa kwa Scotland kunali mtundu wina, ochedwa Picts, a cinenero cina, opembedza mizimu ya m'zitsime ndi omvera anyanga. Columba anayenda ulendo wautali wa m'mapiri ndi m'nyanja yaitali ya Loch Ness, kunka kwa mfumu yao Bridei, imene linga lace linali pafupi ndi mtsinje wa Ness. Mfumu inatseka cipata. Koma Adomnán asimba kuti Columba atalemba cizindikiro ca mtanda nagogoda, mipiringidzo inamasuka, ndipo mfumu inaturuka kudzamlonjera, nimlemekeza kuyambira tsiku lomwelo.

Mdani wace wamkuru anali Broichan, mkuru wa anyanga, amenenso analera mfumuyo. Iyeyu anali naye mdzakazi wa ku Ireland, wogwidwa ukapolo. Columba anampempha kuti ammasule, koma anakana. Pamenepo Columba anamcenjeza pamaso pa mfumu kuti akapanda kutero imfa iri pafupi. Ndipo posacedwa Broichan anadwala kolimba, namasula mkaziyo, nacira. Ife amene makolo athu anamangidwa goli nayendetsedwa kunyanja ya kum'mawa, tidziwa kuti nkhani imeneyi siiri yaing'ono. Kumene ufika Uthenga woona, wina afunsa za kapolo amene ena onse analeka kumuona.

Polalikira kwa anthu awa Columba anali naye womasulira, monga anacita amishoni oyamba kuno. Pa cisumbu ca Skye anadza naye m'bwato munthu wokalamba, mtsogoleri wa ankhondo, dzina lace Artbranan. Anamva Mau mwa womasulira, nabatizidwa, namwalira pagombe pomwepo. Pafupi ndi Loch Ness nkhalamba ina, Emchath, inakhulupirira nibatizidwa, ndi mwana wace ndi banja lace lomwe. Bede, wolemba mbiri wa ku England, analemba caka ca 731 kuti Columba anatembenuza mtunduwo. Koma Adomnán sachula konse ubatizo wa mfumu, angosimba za nkhalamba pano, ndi banja apo. Ici citonthoze aphunzitsi athu amene akhala zaka m'mudzi nawerenga a m'kalasi pa zala za dzanja limodzi. Mtundu wonse unatembenuka ndithu, koma pang'onopang'ono, ndi nchito ya ophunzira ace ndi ya ena ambiri.

Pa zozizwa zimene asimba za iye, tiyenera kukumbuka kuti anazilemba ndi anthu omkonda, ndipo cikondi cikuza nkhani. Sitiziyesa zolingana ndi Malembo Oyera, ndipo cikhulupiriro cathu sicitsamira pa izo. Cimene sitikayika ndi cipatso ca moyo wace.

Ndi mafumu a kwao sanaleka kucita nao, koma tsopano monga nkhoswe. Caka ca 574 Conall anamwalira, ndipo Columba anafuna kuti alowe ufumu ndi Eoganán, amene anamkonda. Adomnán asimba kuti mngelo anamdzera usiku katatu, namkwapula cifukwa ca kukana kwace, kufikira anabvomera kuika manja pa mutu wa Áedán, mbale wa Eoganán, namdalitsa akhale mfumu. Pambuyo pace anapita ku msonkhano wa mafumu pa Druim Cett m'Ireland, kumene Áedán anakomana ndi mfumu Áed, mbale wa Columba, kukonza za pakati pa maiko ao awiri.

Masiku ace otsiriza

Atakhala pa Iona zaka 34, mphamvu zinamthera. Mwezi wa May, caka ca 597, anamkweza pagareta kunka naye kumadzulo kwa cisumbu kumene abale analikugwira nchito. Anawauza kuti anakhumba kumuka pa Paskha, koma sanafuna kusandutsa cikondwerero cao cikhale maliro. Loweruka lotsiriza anapita ndi Diarmait kunkhokwe, nadalitsa miyulu iwiri ya dzinthu, nayamika Mulungu kuti ana ace adzakhala naco cakudya ca caka cimeneco. Ndipo anaululira Diarmait kuti usiku womwewo adzalowa m'mpumulo wace. Pobwerera anakhala pansi m'njira kupuma, ndipo kavalo woyera, amene ananyamula zotengera za mkaka, anadza naika mutu wace pa cifuwa ca nkhalambayo monga wolira. Diarmait anafuna kumuingitsa, koma Columba anamletsa, nadalitsa kavaloyo. Anakweranso citunda, nakweza manja, nadalitsa mudzi, naneneratu kuti malo ang'ono ndi onyozekawo adzalemekezedwa ndi mafumu ndi anthu a mitundu yakutali.

Atatsika analowa m'kanyumba kace kukalemba Masalmo. Anafika pa Salmo 34, pa mau onena kuti ofuna Yehova sadzasowa cabwino, ndipo tsamba linathera pomwepo. Anaika nthenga pansi, nati zotsalazo alembe Baithéne, mbale wace amene anadzalowa m'malo mwace. Tsegulani Buku lanu muone ndime yotsatayo, imene iitana ana adze kudzaphunzira kuopa Yehova, ndipo mudzazindikira kuti inayenera mphunzitsi watsopano. Madzulo anakhala pathanthwe pace, nasiyira abale lamulo lotsiriza, lakuti akondane kopanda cinyengo ndi kukhala mumtendere. Pakati pa usiku belu linalira. Iye anafulumira kutsogola yekha, nagwada kuguwa. Diarmait anamfunafuna mumdima, nampeza ali gone, natsamiritsa mutu wace pa cifuwa cace. Abale atafika ndi nyali, Diarmait anakweza dzanja lamanja la mkuruyo kuti awadalitse, ndipo anatsirizika. Namondwe anaomba masiku 3, osalola bwato kuoloka, kotero kuti anamuika ndi ana ace okha.

Zipatso zace

Mwana wa mfumu wa ku Northumbria, kumpoto kwa England, dzina lace Oswald, anathawira kwa Scoti, nabatizidwa pakati pao. Atalandanso ufumu wa atate wace anapempha mphunzitsi ku Iona, ndipo caka ca 635 anamtumizira Aidan, amene anamanga pa cisumbu cina, Lindisfarne. Kucokera pamenepo Uthenga unafalikira m'maiko ambiri a England. Caka ca 697, zitakwana zaka 100 cimwalirire Columba, Adomnán anasonkhanitsa mafumu ndi akuru a Mpingo pa Birr, ndipo anthu omveka 91 anabvomera lamulo loletsa kupha akazi, ana ndi atumiki a Mulungu pa nthawi ya nkhondo. Mwazi wa kamtsikana kaja sunalira cabe.

Masautso anadzanso. Acifwamba a m'ngalawa ocokera ku Norway anafunkha Iona caka ca 795 ndi ca 802, ndipo caka ca 806 anapha abale 68. Ambiri otsala anasamukira ku Kells m'Ireland, ndipo buku lokometsetsa la Mauthenga anai, lochedwa ndi dzina la Kells, lisungika lero pa Trinity College m'mudzi wa Dublin. M'mudzi womwewo muli masamba 58 a buku lakale la Masalmo limene anthu ati ndilo lija la mlandu. Mbadwo za pambuyo za pfuko la Columba zinaliika m'bokosi, nizinka nalo kunkhondo ngati cithumwa, nizilicha Cathach, ndiko kunena wankhondo. Cenjerani, abale, pakuti ngakhale Buku la Mulungu munthu akhoza kulisandutsa cithumwa, akalisunga pansi pa mtsamiro osalitsegula.

Pa Iona pomwe mtanda waukuru wa mwala, wochedwa wa Martin, waima pa malo ace zaka zoposa 1,200. Nyumba ya miyala imene alendo aiona inayamba kumangidwa ngati caka ca 1200. Inagwa nikhala bwinja pambuyo pa kukonzanso kwa Mpingo kwa caka ca 1560. Caka ca 1899 mwini dziko, mfumu ya ku Argyll, anaipereka kuti imangidwenso ndi kuti Akristu a mipingo yonse apempheremo. Caka ca 1938 mbusa George MacLeod anatenga amisiri osowa nchito a ku Glasgow pamodzi ndi abusa acinyamata, namanganso nyumba zogona, mbusa ndi mmisiri kunyamula mwala umodzi.

Tsono gawo lathu ndi ili. Pafupi ndi Iona pali cisumbu cina cacing'ono dzina lace Ulva. Caka ca 1792 munthu wina wosauka anacoka pamenepo ndi banja lace kukafuna nchito pa Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Mdzukulu wace ndiye David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu caka ca 1859. Ndipo pomtsata iye mipingo ya ku Scotland inayamba Livingstonia caka ca 1875 ndi Blantyre caka ca 1876. Potero tisayese kuti Uthenga ndi cinthu ca Azungu cibadwire. Makolo ao anali akunja monga makolo athu, oopa anyanga ndi ogwirana ukapolo, kufikira mlendo anakoceza pagombe pao.

Wina wa inu kapena ali ndi mlandu wakale umene umlemera, nayesa kuti Mulungu sangamgwiritsenso nchito. Akumbuke kuti nchito yaikuru ya Columba inayamba atapitirira zaka 40, m'mbuyo mwa cocimwa cace cacikuru. Wina ali ndi mkwiyo pa mbale wace, nalingalira zouza a pfuko lace. Ayambe wakumbuka akufa a pa Cúl Dreimne. Ndipo tonse tifunse ngati kulibe mudzi tsidya la mtsinje kapena kuseri kwa phiri umene sunamve, pakuti bwato la zikopa ndi amuna 13 zinakwanira kuyamba. Ambuye atipatse mtima womwewo.